Njere za chitsulo posaka mbalame: nambala 3, 4 kapena 5?

M'bale wathu wina wa ku England walemba motere: "Ndimagwira ntchito pa famu ina ku Norfolk. Nyengo yosaka ikafika, Loweruka lililonse ndimakhala m'gulu la anthu ovumbulutsa mbalame m'tchire kuti ziwulukire kwa alendo amfuti. Kumapeto kwa Januwale kuli tsiku lathu ovumbulutsafe loti nafenso tiwombere. Chiphaso cha mfuti ndili nacho, ndipo ndinagula shotigani yakale ya AYA, ya 12 bore, ya mipope iwiri yogundizana. Woyang'anira mbalame wanena kuti chaka chino mtovu ayi. Kusitolo ndapeza makatiriji a chitsulo a nambala 3, 4 ndi 5. Anzanga amene anazolowera mtovu wa nambala 6 aliyense akunena zake. Nditenge iti?"

Achimwene, pa mfuti yanuyo tengani njere za mamilimita 3.25, zimene pa mabokosi ambiri zimalembedwa nambala 4, katiriji ya magalamu 30 kapena 32, ndipo pa bokosipo pakhale mawu akuti Standard Steel. Mwaona kuti ndayamba ndi mamilimita, nambala ndaitchula pambuyo. Ndachita dala, chifukwa chimene chikusokoneza anzanuwo kwenikweni ndi nambala.

Tiyambe ndi chifukwa chake nambala 6 imene iwo anazolowera siigwiranso ntchito. Amene tinakulira kumudzi legeni timaidziwa. Mukaumba kampira ka dothi n'kukaumitsa padzuwa, n'kutolanso kamwala ka kumtsinje kofanana nako kukula, zonse ziwiri zimachoka pa legeni mwaukali. Koma njiwa imene yatera pansonga pa mtengo imagwa ndi mwala. Dothi limafika litatopa kale. Mtovu ndi chitsulo zili choncho. Kachidutswa ka mtovu kotalika sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu 11.3, ka chitsulo pafupifupi 7.8. Ndiye kuti njere ya chitsulo yofanana kukula ndi ya mtovu imapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Imachoka mumpope ndi liwiro labwino ndithu, koma mphepo imaibweza msanga, ndipo ikafika pa mbalame ilibe mphamvu zoboola nthenga, mnofu ndi fupa mpaka kukafika pamtima kapena m'mapapo.

Onani masamu ake. Mtovu wa nambala 6 ya Chingelezi ndi wa mamilimita 2.6, ndipo mu magalamu 28 mumakhala njere pafupifupi 270, kutanthauza kuti njere imodzi imalemera pafupifupi magalamu 0.105. Kuti mupeze njere ya chitsulo yolemera chomwecho muyenera kukwera kufika mamilimita 3, imene imalemera pafupifupi 0.11. Komabe sizinafanane, chifukwa njere ya chitsuloyo ndi yonenepa: ikukankha mphepo yambiri pouluka, ikukankhanso nthenga zambiri polowa. Mukakweranso kufika 3.25, njere ikulemera pafupifupi 0.14, ndipo apo ndi pamene iyamba kugwira ntchito imene mtovu wa nambala 6 unkagwira. Apa ndi pamene panachokera lamulo limene mumalimva kwa alenje, loti mukasiya mtovu mutsike ndi manambala awiri: amene ankawombera 6 atenge 4, amene ankawombera 5 atenge 3. Paja nambala ikamachepa njere ikukula.

Lamulolo ndi labwino, koma lili ndi msampha. Nambala 4 si imodzi padziko lonse. Pa muyezo wakale wa Chingelezi, 4 ndi mamilimita 3.1 ndipo 3 ndi pafupifupi 3.3. Pa muyezo wa ku Germany, umene opanga makatiriji a chitsulo ambiri amatsatira, nambala 1 ndi mamilimita 4 ndipo nambala iliyonse yotsatira imachepa ndi 0.25, choncho 3 ndi 3.5, 4 ndi 3.25, 5 ndi 3. Ku America 4 ndi 3.3, 3 ndi 3.56, 2 ndi 3.81. Mutha kuona kuti nambala 3 ya kampani ina ingakhale njere yomweyo imene kampani ina ikuitcha 4. Anzanu awiri angakangane tsiku lonse, wina akutama 3 wina akutama 4, chonsecho m'matumba mwawo muli njere zofanana. Mukamawerenganso malangizo a alenje a ku America pa intaneti, kumbukirani kuti pa nambala yomweyo njere zawo ndi zazikuluko. Tembenuzani bokosi, funani mamilimita. Ngati sanalembe, funsani wogulitsa, ndipo ngati nayenso sakudziwa, dulani katiriji imodzi cha kutsogolo kwake kumene kuli njere, kutali ndi onga, muyale njere khumi mumzere mogundizana pa rula. Zikakwana mamilimita 32 kapena 33, ndi zomwezo.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuumirira pa 3.25 osapitirira? Chifukwa mfuti yanu ndi imene ili ndi mawu oyamba, mbalame ikubwera pambuyo. Bungwe la mayiko loona za kuyesa mfuti la CIP, limene Britain ndi membala wake, linagawa makatiriji a chitsulo m'magulu awiri. Standard Steel ya 12 bore siloledwa kukhala ndi njere zoposa mamilimita 3.25 kapena liwiro loposa mamita 425 pa sekondi, ndipo imaloledwa mu mfuti wamba imene inayesedwa ndi onga wamakono ndipo ili bwino. Gulu lina ndi High Performance Steel, la njere zokulirapo ndi mphamvu zambiri, ndipo limeneli ndi la mfuti zokhazo zimene zinayesedwa mwapadera n'kudindidwa kaduwa ka fleur-de-lys. Njere ya 3.5 ili m'gulu lachiwirili. Mfuti zakale za ku Eibar, mzinda wa ku Spain kumene amapanga AYA, monga yanuyo zambiri zinapangidwa kaduwa kameneka kasanayambe n'komwe.

Madzulo ano chotsani kathabwa kakutsogolo, mumasule mipope, muitembenuze pansi pa nyale. Pa malo athyathyathya a kunsi kwake pali zidindo zonse. Funani kaduwako. Funaninso manambala onga 12-70, amene akukuuzani kuti chipinda cholowamo katiriji ndi cha mamilimita 70. Mukapeza 65, katiriji ya 70 isalowemo. Kenako pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti akapime zinthu ziwiri: makulidwe a chitsulo cha mipope, ndi choki.

Pa choki ndiimapo pang'ono, chifukwa ndi pamene mfuti zambiri zakale zimavulalira. Choki ndi kupanikizika kwa mpope cha kukamwa kwake, kumene kumafinya njere kuti zisamwazike msanga. Mpope wa 12 bore ndi wa mamilimita pafupifupi 18.5 mkati. Choki ya hafu imauchepetsa ndi pafupifupi theka la milimita, ya fulu ndi pafupifupi milimita yathunthu. Mtovu ndi wofewa, ukafika pothinapo njere zimafinyika n'kudutsa. Chitsulo sichigonja. Njere zikafika pothina zili zounjikana, chimene chimagonja ndi mpope. Ndinagwirapo mfuti ya mipope iwiri yogundizana imene mwini wake anawombera nayo njere zazikulu za chitsulo nyengo yonse osapimitsa. Poyang'ana inkaoneka yabwinobwino. Koma mukatsetsereka chala pa mpope wakumanzere, kutatsala masentimita ochepa kufika kukamwa, chalacho chinkakwera kamtunda kozungulira ngati mphete yobisika pansi pa chitsulo. Poiunika padzuwa mthunzi wa m'mpopemo unkathyoka pamalo omwewo, ndipo kachitsulo kolumikiza mipope iwiriyo kanali katayamba kumatuka. Mwini wake sanavulale, koma mfuti inali itatha mtengo. Mfuti zakale za ku Spain kawirikawiri mpope wakumanzere umakhala wothina, wa fulu kapena pafupi ndi fulu. Malangizo amene amaperekedwa ku Britain ndi oti ndi chitsulo musapitirire hafu, makamaka pa mfuti zakale zopepuka. Mmisiri amatha kukulitsa chokiyo, ndipo si ntchito yodula poyerekeza ndi mtengo wa mipope yatsopano. Ine ndikanakhala inu ndikanapempha kota kumanja, hafu kapena kucheperako kumanzere.

Musaope kuti mukatsegula choki muyamba kuphonya mbalame. Njere za mtovu zambiri zimaphwanyika m'mbali pothamanga mumpope, ndipo zophwanyikazo zimauluka mokhota n'kutayika. Za chitsulo zimatuluka zili zobulungira monga zinalowera, zimayenda pamodzi. Choki ya kota ndi chitsulo kawirikawiri imaunjika njere ngati mmene hafu imachitira ndi mtovu.

Tsopano tibwere ku mbalame. Kupha mbalame mwaukhondo kumafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi: njere zokwanira zoti zingapo ziigunde malo ofunika, ndi njere iliyonse yamphamvu zoti ilowe mpaka mkati. Mukakulitsa njere mukupeza mphamvu koma mukutaya chiwerengero. Mu magalamu 32 a chitsulo mumakhala njere pafupifupi 288 za mamilimita 3, pafupifupi 227 za 3.25, ndi pafupifupi 182 za 3.5. Anzanu a mtovu wa nambala 6 mu magalamu 30 ankatulutsa njere pafupifupi 285. Ndiye kuti ndi nambala 4 yanuyo mwataya njere ngati 60 musanawombere n'komwe, ndipo ndi 3.5 mukanataya zoposa 100. Tom Roster wa ku America, amene wathera zaka zambiri akufufuza mmene njere zopanda mtovu zimaphera mbalame, anapeza kuti pa pheasant pamafunika njere zosachepera 90 mpaka 95 mkati mwa bwalo la mainchesi 30, pa mtunda umene mukuwomberapo. Njere 227 zikalowa m'bwalomo 6 pa 10 zilizonse, muli ndi 136, mwapitirira bwino. Njere 182 zikalowa theka, muli ndi 91, muli m'mphepete mwenimweni. Apa mutha kuona kuti njere yaikulu si nthawi zonse imene imapha bwino.

Musakhulupirire masamu angawa okha. Mfuti iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndipo njira yodziwira ndi imodzi. Pezani makatoni akuluakulu, onga a firiji, muwakhomere pa mafelemu a matabwa pamalo pamene kumbuyo kuli mtunda wa dothi lofewa ndipo mwini malo walola. Pa chitsulo chathyathyathya chimene ena amayeserapo mtovu musawomberepo, njere za chitsulo zimabwerera. Yezani mayadi 30 ndi tepi, osati ndi maso. Womberani, kenako pitani pa katoniyo, muone pamene njere zaunjikana kwambiri, mukhomepo msomali, mumangirire chingwe cha masentimita 38 ndi cholembera, mujambule bwalo. Werengani mabowo, lililonse mukulichonga kuti musaliwerenge kawiri. Chitani kasanu pa mpope uliwonse, chifukwa kuwombera kumodzi kumanama. Kenako bwererani pa mayadi 40 muchitenso. Yang'ananinso mipata: ngati pali malo oti chikhatho chanu chingakwanepo popanda bowo ndi limodzi lomwe, nkhwali ikhoza kudutsa pomwepo. Mtunda umene chiwerengero chayamba kutsika pansi pa 90 ndiwo malire anu, kaya anzanu anene zotani. Ntchito yonseyi imadya bokosi limodzi la makatiriji 25 ndi masana amodzi.

Pa tsiku lanulo mbalame yaikulu ndi pheasant, yomwe thupi lake tingaliyerekeze ndi nkhanga yathu. Tambala wake amapitirira kilogalamu imodzi, ndipo pofika kumapeto kwa Januwale, nyengo yake itatsala pang'ono kutsekedwa pa 1 Febuluwale, amakhala atakhwima, nthenga zitathithikana chifukwa cha chisanu, komanso atachenjera. Si mbalame ya mu Okutobala imeneyo. Ndiye ganizirani mmene tsiku la ovumbulutsa limayendera. Kawirikawiri mumagawidwa pawiri, gulu lina likuima pa zikhomo zosonyeza malo owomberapo, lina likuyenda m'tchire ndi mfuti, kenako mumasinthana. Mukaima pa chikhomo mbalame ikubwera chakumaso, ikukupatsani mutu, khosi ndi chifuwa, ndipo apo ngakhale njere ya mamilimita 3 imaigwetsa pa mayadi 30. Koma mukamayenda, mbalame imene mwaloledwa kuwombera ndi yobwerera m'mbuyo kapena yothawira kumbali, ndipo kawirikawiri imakupatsani msana ndi mchira. Njere iyenera kudutsa nthenga za kumbuyo, mafupa a m'chiuno, matumbo, mwinanso nthutumba, isanafike pamtima. Nambala 5 pamenepo imathothola nthenga n'kuthyola mwendo, mbalame n'kupita kukafera m'minga. Ichi n'chifukwa chake ndikuti 3.25 tsiku lonse. Musanyamule mitundu iwiri m'thumba, chifukwa mbalame ikavumbuluka simudzakhala ndi nthawi yosankha.

Mwayi wanu ndi woti Norfolk ndi dziko lachidikha. Mbalame zake siziuluka mmwamba ngati za m'zigwa za ku Devon kapena ku Wales, kumene alenje amafuna makatiriji a High Performance ndi mfuti zolemera. Zambiri zidzakudutsani pakati pa mayadi 20 ndi 35, ndipo pamenepo Standard Steel ya 3.25 siperewera. Ikapitirira 40 isiyeni ipite. Anthu ambiri amene amanyoza chitsulo kuti chimangovulaza amakhala akuwombera patali kuposa mmene akuganizira, kapena anagula nambala yomweyo imene ankagula pa mtovu.

Nambala 5 ili ndi malo ake. Pa nkhwali za kumeneko, zolemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndi pa njiwa za m'minda, njere ya mamilimita 3 ndi yabwino, chifukwa mbalame yaing'ono imafuna njere zothithikana kuposa njere zamphamvu. Mukadzayamba kulondera njiwa m'minda ya pa famupo, gulani imeneyo ya magalamu 28 kapena 30. Abakha akuluakulu a mallard amagwa ndi 3.25 yomweyo akamatera padziwe madzulo. Atsekwe ndi nkhani ina: amafuna njere za mamilimita 4 kapena kuposa, katiriji yaitali ya mamilimita 76, ndi mfuti ya kaduwa kaja. Ndi AYA yanuyo tsekwe musamuyese, ngakhale adutse motsika bwanji.

Woyang'anira mbalameyo musamuone ngati wovuta. Njere za mtovu zikagwa pansi kapena m'madzi, abakha ndi mbalame zina zimazitola poyesa timiyala, monga nkhuku zathu zimatolera timiyala tothandiza kupera chakudya. Nthutumba imapera mtovuwo, poizoni n'kulowa m'magazi, mbalame n'kuyamba kuwonda mpaka kufa. Nkhwazi ndi akabawi odya zovulala nawonso amaulandira, ndipo tizidutswa take timatsalira mu nyama imene anthu akudya. America inaletsa mtovu posaka abakha ndi atsekwe m'dziko lonse mu 1991. Denmark inauletseratu pa makatiriji a shotigani mu 1996, ndipo alenje ake akusakabe mpaka lero. Ku England kuwombera bakha kapena tsekwe ndi mtovu ndi mlandu kuyambira 1999, kulikonse kumene muli. Mu Febuluwale 2020 mabungwe asanu ndi anayi a alenje ndi a zakumidzi, kuphatikizapo bungwe lalikulu la alenje la BASC, anapempha mamembala awo kuti asiye okha mtovu pa zaka zisanu, ndipo mu 2025 boma linalengeza kuti liuletsa ndi lamulo ku England, Scotland ndi Wales, ndi zaka zitatu zosinthira. Inu mukuyamba kumene, mulibe chizolowezi chakale choti muchotse, ndipo kwa ine umenewo ndi mwayi.

Ngati mmisiri atapima anena kuti mipope yanu yapyapyala, kapena inu simukufuna kuti akhudze choki, njira ilipo: bismuth. Ndi yolemera kuposa chitsulo, yofewa ngati mtovu, ndipo imalowa mu mfuti zakale popanda vuto. Mumangotsika ndi nambala imodzi, 5 m'malo mwa 6. Mtengo wake ndi wowawa, kangapo kuposa chitsulo, koma pa tsiku limodzi pachaka mabokosi awiri sangakugwetseni.

Pogula funsaninso za kachikho kamene kamakuta njere mkati mwa katiriji. Chitsulo sichiyenera kukhudza mpope, choncho katiriji iliyonse ya chitsulo ili ndi kachikho kolimba, ndipo ka pulasitiki wamba kamatsala m'munda zaka zambiri, ng'ombe ndi nkhosa n'kumakatola. Mafamu ambiri masiku ano amafuna kachikho kowola kokha kapena kosungunuka ndi madzi. Funsani woyang'anira mbalameyo musanawononge ndalama. Makatirijiwo muwasunge pouma. Akanyowa n'kukhalitsa, njere zikhoza kuchita dzimbiri n'kumatana, ndipo zikatuluka ngati chibuma chimodzi ndi ngozi kwa mpope ndi kwa anthu. Amene agona m'thumba la jekete yonyowa muwayanike m'nyumba, osati pamoto.

Chinthu china chimene sindingachisiye ndi kunjanja kwa njere. Mtovu ukagunda mwala umaphwatalala n'kuthera pomwepo. Chitsulo chimadumpha. Minda ya ku Norfolk ili ndi miyala ya flint yambirimbiri, ndipo mu Januwale nthaka imauma gwa ndi chisanu. Madzi oundana, makungwa a mitengo, mipanda ya waya, zonsezi zimabweza njere. Inu mwakhala mukuyenda kutsogolo kwa mfuti za anthu ena nyengo yonse, mukudziwa mmene mtima umachitira mukaona mpope ukutsika. Tsiku limenelo amene ali m'tchire ndi anzanu omwewo, ndi agalu awo. Womberani pokhapo pamene mukuona thambo loyera kuzungulira mbalame, ndipo valani magalasi oteteza maso.

Mukawombera, mbalame muitsatire ndi maso mpaka itazimiririka. Njere ya chitsulo, poti siphwanyika, nthawi zina imaboola n'kutulukira kwina, mbalame n'kupitiriza kuuluka ngati sinakhudzidwe, kenako n'kugwa yakufa kuseri kwa mpanda. Mukaona yagwedezeka, kapena yatsitsa mwendo, kapena yaumitsa mapiko, ipatseni mpope wachiwiri nthawi yomweyo m'malo mofuna ina, ndipo muuze wa agalu pamene yalowera.

Madzulo mukapatsidwa mbalame zanu ziwiri zopita nazo kunyumba, musangochotsa chifuwa n'kutaya zotsalazo. Imodzi muisosole yonse bwinobwino ngati nkhuku ya alendo, muiike pa thebulo pansi pa nyale. Werengani mabowo olowera, muone ngati ali kutsogolo kapena kumbuyo kwa thupi. Itumbuleni, mutsatire njira ya njere iliyonse ndi nsonga ya mpeni. Mukapeza njere zitadutsa chifuwa n'kukaima pansi pa khungu la mbali inayo, kapena zitatulukiratu, katiriji yanu ikukwanira pa mtunda umene munawomberapo. Mukazipeza zitaima mumnofu, zitakulungidwa ndi tinthenga, zisanafike pa fupa la chifuwa, mbalameyo inali patali, ndipo chaka chamawa mudzafupikitse. Mabowo akachuluka kumchira ndiye kuti mukuchedwa, mfuti izitsogola kwambiri. Njere zimene mwapezazo muzichotse zonse musanaphike, ndipo muchenjeze a kunyumba kuti azitafuna mofatsa, chifukwa ya chitsulo ikakumana ndi dzino chimasweka ndi dzino. Ena amadutsitsa maginito wamphamvu pa nyamayo asanaiike mumphika, ndipo amathandiza kupeza zimene zabisala pafupi ndi khungu.